Mphenzi ndi Kaphiri ka Apongozi

Pa bekale ina ya kuseri kwa msika panali dalaivala amene anzake ankamutchula kuti Mphenzi. Dzina lake lenileni linkangodziwika ndi laisensi yake. Buledi asanatuluke n'komwe mu uvuni, iye ankakhala atatsegula kale zitseko za galimoto, akuomba m'manja kuti olongedza achite changu. Magolosale amene dalaivala mnzake ankawamaliza dzuwa lili paliwombo, iye ankawamaliza anthu akadali pa tiyi wam'mawa. Tiyi wake yemwe ankamwa choimirira, uku akuuzira, uku akupsa milomo. Sanali munthu woipa ayi. Anali wansangala, wopatsa, wosasunga mangawa. Chilema chake chinali chimodzi: munthu woyenda pang'onopang'ono ankamuona ngati chitsa chomera pakati pa msewu.

Kunyumba ankakhala ndi mkazi wake, telala wosoka makatani ndi mayunifolomu a ana a sukulu, komanso apongozi ake, bambo a mkaziyo. Bambowa anthu ankawatchula kuti a Mamita, poti kwa zaka makumi atatu anayenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi. M'tauni monsemo munalibe galu amene sanawauwepo. Koma chaka chapitacho sitiroko inawagwetsa akuchokera kosamba, ndipo atatuluka m'chipatala mwendo wakumanzere unali utawakana. Mwana wawo anawatenga, n'kukankhira makina osokera pakona, n'kuwaikira bedi pafupi ndi zenera. Anagona pamenepo miyezi itatu, munthu amene moyo wake wonse unali m'mapazi.

Tauniyo inali ndi mapiri awiri. Lalikulu linali lotchuka, la chipata ndi alonda, kumene mabasi ankatula alendo Loweruka lililonse kuti akajambulitse. Linalo linali laling'ono, lachete, lokhala lokha kumpoto, ndipo ngakhale obadwira m'tauniyo ankakangana za dzina lake. Zenera la a Mamita linayang'ana laling'onolo. M'mawa ankaliona litavala chifunga ngati mpango, madzulo likusanduka lofiirira. Atayamba kudzuka, anayamba kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo. Kenaka kufika pageti. Kenaka anayamba kuwerenga mapolo a magetsi: lero atatu, sabata yamawa asanu, mpaka tsiku lina anapezeka ali kumsika akukangana ndi wogulitsa matimati. Patatha miyezi isanu ndi itatu, ali pa tebulo, analengeza kuti Loweruka likubwerali akakwera phiri lija. Adokotala anali atavomera kale, bola ayende mosapupuluma, asapite okha, ndipo amwe mankhwala awo 12 koloko osaphonya.

Mphenzi anaseka mpaka kutsamwa. Anati ngati ndi phiri, bwanji osapita ku lalikulu lija kumene galimoto imakufikitsa pakati, n'kujambulitsa chithunzi choti anthu akachiona agwedeze mutu. Kameneko, iye anati, si phiri koma chulu chonenepa.

A Mamita anapukuta m'manja mosafulumira. "Lalikululo silinabwere kudzandizonda pamene ndinkadwala," anatero. "Kakang'onoka n'kamene kankandisuzumira pazenera tsiku ndi tsiku. Ndikufuna ndikabweze ulendo."

Nkhani inathera pomwepo. Loweruka m'mawa mayi wa pakhomopo analongedza chikwama: buledi wa ku bekale, mazira owiritsa, nthochi, fulasiki ya tiyi, mabotolo awiri a madzi ndi kabokosi ka mankhwala a bambo ake. Chikwamacho chinagwera Mphenzi, poti ndiye anali ndi msana. Anakwera kagalimoto kawo kakale mpaka pamene msewu unathera, pa nyumba ya mayi wina woweta njuchi. Mayiyo anawalola kusiya galimoto pansi pa mtengo, ndipo atamva za ulendowo anawalongosolera njira. Anati njira yeniyeni imatsata kamtsinje n'kuzungulira kuseri, moti munthu amaona ngati akulithawa phirilo, koma asataye mtima. Anatinso mutu umene ukuoneka pamenepowu si nsonga, nsonga yeniyeni imabisala kumbuyo kwake. A Mamita ndi mwana wawo ankamvetsera akugwedeza mitu. Mphenzi ankamanga zingwe za nsapato, diso lili pa wotchi, ndipo mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ola loyamba linali chilango kwa Mphenzi. A Mamita anali ndi lamulo lawo: mapazi makumi awiri, kuima, kupuma katatu, kenaka makumi awiri ena. Ndipo sankangoima chabe. Apa aima kuti aone ming'oma ya njuchi yopachikidwa m'mitengo, apo aima kuti amvetsere mbalame ina imene ankati inkalira chimodzimodzi ali mwana. Mwana wawo ankayenda pambali pawo, dzanja lili pafupi ndi chigongono chawo koma osawagwira, poti ankadziwa kuti bambo ake sakonda kugwiridwa ngati dzira. Mphenzi ankatsogola, n'kubwerera, n'kutsogolanso, ngati galu amene mbuye wake akuchedwa pa macheza.

Atafika pamene njira inakhotera kumanzere kutsata kamtsinje, mtima wake unalephera kupirira. Kutsogolo kwake kunali kanjira ka mbuzi kolunjika kumwamba, ndipo mutu wa phiri unkaoneka pafupi zedi, ngati woti munthu aukhudze ndi dzanja. Anauza anzakewo kuti iye adzera pomwepo, akakonze malo, ayale chakudya, iwo akamafika apeze tiyi ali kale m'makapu.

"Kodi mayi aja anati chiyani?" mkazi wake anafunsa.

"Mayi aja sanaione miyendo yangayi," anayankha Mphenzi.

Mkaziyo anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamugwira paphewa. "Aleke apite, mwanawe. M'banja muno tinagawana ntchito. Amuna akowa amathamanga miyendo, ine amathamanga ndi magazi."

Mphenzi anaseka, n'kukonza chikwama kumsana, n'kuuyatsa ulendo. Anakwera ngati mbuzi yomweyo, akugwira mizu ndi miyala, thukuta lili kamukamu, mtima ukuimba. Pasanathe ola anali pamwamba pa thanthwe la pamutu paja. Anakweza manja onse awiri ngati wapambana mpikisano, ndipo anatembenuka kuti aone dziko lonse lili pansi pake. M'malo mwake anaona phiri. Linaima kutsogolo kwake, lalitali, lodekha, udzu ukuweyuka pamutu pake, ndipo pakati pa iye ndi ilo panali chigwa chakuya chodzaza zitsamba. Pa mwala wapafupi panali gulo akuwothera dzuwa. Anamuyang'ana Mphenzi n'kugwedeza mutu kangapo, ngati akuti inde, achimwene, si inu oyamba.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwerera n'kukawapeza anzake, poti anali asanapite patali. Koma kubwerera kunkatanthauza kukaonana ndi nkhope ya mkazi wake, ndipo nkhope imeneyo ankaidziwa bwino. Anayang'ana chigwacho n'kuganiza kuti ndi mphindi makumi awiri basi. Anatsikira momwemo.

Chigwacho chinamulandira ndi minga. Udzu unali wotalika kuposa iye, moti sankaonanso kumene akupita. Chisoso chinamumata thalauza lonse. Anafika pa thanthwe lonyowa la ndere, ndipo m'malo molizungulira anaganiza zolidumpha. Phazi linatsetsereka, dziko linatembenuka, ndipo anagwa chagada, chikwama chili pansi iye ali pamwamba. Anamva thalauza likung'ambika kumbuyo, n'kuona botolo limodzi la madzi likugubuduka kulowera kuphompho, likugunda miyala ngati likutsanzika. Poti adzuke, kakolo wakumanja anamubaya ngati singano ya moto.

Anakhala pansi n'kutsegula chikwama kuti aone zimene zapulumuka. Fulasiki inali bwinobwino. Mazira anali atasanduka nkhani ina. Ndiyeno dzanja lake linakhudza kabokosi ka mankhwala. Anayang'ana wotchi: 11 koloko inali itapitirira. Anatulutsa foni, koma m'chigwamo munalibe netiweki ngakhale kadontho. Mankhwala ali kwa iye, madzi ali kwa iye, ndipo kwinakwake m'phirimo munali munthu wokalamba wa mwendo umodzi ndi theka, pa dzuwa, ndi mwana wake wamkazi yekha. Anakumbukira tsiku limene anawanyamula apongozi akewo pansi pakhonde, pakamwa patapotoka, mkazi wake akulira mosatulutsa mawu. Anafuula kuwaitana, koma anamuyankha ndi mapiri okha.

Anayesa kuthamanga. Kakolo anakana. Anayesanso, ndipo anagwada ndi bondo limodzi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Mphenzi anafunitsitsa kufulumira pa chifukwa chenicheni, koma thupi linamuuza kuti lero ayi. Anathyola nthambi youma n'kuyamba kutsimphina. Posakhalitsa anapeza kuti akayenda mapazi makumi awiri n'kuima, n'kupuma katatu, ululu unkamulola kuyenda makumi awiri ena. Sanafune kuganiza kumene anaphunzira zimenezo.

Poti tsopano ankayenda mwakachetechete, anamva chimene sakanamva akuthamanga: madzi akulira chapansipansi kumanzere kwake. Anatsata phokosolo, akukwawa pansi pa nthambi, mpaka anatulukira pa kamtsinje. Tsidya lake panali njira, yoyera, yotakasuka, yokwera mwaulemu. Pa dothi lonyowa panali zizindikiro zitatu zobwerezabwereza: kabowo ka ndodo, phazi limodzi lathunthu, ndi mzere wa phazi lokokedwa. Pambali pake panali timapazi ta mkazi wake. Anali atadutsa kale.

Mphenzi anatsata zizindikirozo mutu uli pansi, ngati munthu akuwerenga kalata. Anaona pamene mdalayo anaima, mapazi onse awiri ali pamodzi. Anaona pamene ndodo inazama kwambiri pa chitunda, ndi pamene mzere uja unatalika chifukwa mwendo unali utatopa. Paliponse ankayembekeza kupeza malo amene udzu wagona, pamene munthu wagwa. Sanapeze. Kabowo, phazi, mzere. Kabowo, phazi, mzere. Miyezi yonse ija ankawaona apongozi ake akuwerenga mapolo a magetsi, ankangoona kuchedwa. Lero, kakolo akumuluma pa phazi lililonse, anayamba kuona kuti phazi limodzi lokha lingathe kukhala ntchito ya mwamuna.

Mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi ndi mphepo yozizira bwino. Wotchi inali itadutsa 1 koloko. Akukwera kachitunda komaliza, anamva chinthu chimene sanachiyembekeze: kuseka. A Mamita anali atakhala pa mwala waukulu wafulati, nsapato atavula, zala za kumapazi zikuwothera dzuwa. Mwana wawo anali chogona pa udzu, chipewa chili pankhope. Atamva mapazi anadzuka, ndipo onse awiri anamuyang'ana kuyambira kumutu, kumene kunali masamba, mpaka kumapazi.

Mphenzi sanapereke moni. Anatulutsa kabokosi kaja. "Bambo, mankhwala. Ndachedwetsa mankhwala. Mundikhululukire."

Mkazi wake analowetsa dzanja m'thumba la siketi n'kutulutsa kampango kopindidwa, kopanda kanthu. Anati mankhwala a masana anawachotsa m'kabokosimo asananyamuke kunyumba, ndipo bambo amwa 12 koloko yeniyeni, ndi madzi a pa kasupe amene ali m'mbali mwa njira, ozizira ngati a mufiriji. "Zaka zisanu ndi zinayi ndili nanu," anatero. "Mumaganiza kuti moyo wa bambo anga ndingauike m'chikwama cha munthu amene amamwa tiyi choimirira?"

Mphenzi anakhala pansi pomwepo. Anayamba kuseka, koma kusekako kunatuluka ndi misozi, ndipo anabisa nkhope m'manja. Palibe amene anamunena. Mkazi wake anagwada n'kumuvula nsapato, n'kupapasa kakolo, n'kunena kuti wabinya chabe, sanathyoke. Anamumanga ndi mpango wake mwaluso la telala. Ataona thalauza kumbuyo anangoti ntchito ina imamutsatira munthu mpaka pamwamba pa phiri.

Mtima utakhala m'malo, Mphenzi anakweza maso n'kuona kumene anali. Panalibe chipata, panalibe chikwangwani, panalibe wogulitsa kanthu. Panali mwala, udzu, mphepo ndi anthu atatu. Akabawi awiri ankazungulira m'munsi mwawo, moti anawaona misana, chinthu chimene anali asanaonepo chibadwire. Kutali, pa phiri lalikulu lija, magalasi a mabasi ankanyezimira ngati nyerere zonyamula shuga. Tauni yonse inali pansi ngati nsalu yoyalidwa pa tebulo losokera. A Mamita anali atayamba kale kuiwerenga ndi ndodo: msewu uwo anauyenda zaka khumi, nyumba ya denga lofiira iyo inali ndi galu wopanda ulemu, kuseri kwa tanki yamadzi uko kunali mayi amene ankabisa mita pansi pa khola la nkhuku. Kenaka ndodo inaima pa kadontho kena koyera. Linali zenera lawo.

Mkazi wake anamunong'oneza Mphenzi kuti wasemphana ndi chinthu chachikulu. Atatsala mapazi khumi kuti afike pa mwalawo, bambo anamupatsa ndodo kuti awagwirire, ndipo anayenda okha, popanda chogwira, mpaka kukhudza mwalawo ndi chikhatho. Mkaziyo analira ngati mwana, ndipo anatembenuka kuti aone ngati mwamuna wake waona, koma panalibe munthu.

Mawu amenewa anamupweteka Mphenzi kuposa kakolo. Minga inali itamulanga mokwanira, koma ichi chinali chinthu choti sichidzabweranso, ndipo anachigulitsa ndi ola limodzi la kudzionetsera kwa gulo. Anaweramitsa mutu.

A Mamita makutu awo anali akuthwa. Anavala nsapato mosafulumira, n'kumanga zingwe, n'kuimirira. "Mkamwini wanga, bwanji nkhope yagwa ngati buledi wosafufuma? Mapazi khumi aja sanathe ayi, ndinasiyako ena. Dzukani. Inunso pa mwalawu simunafike, mwakhala panjira."

Anatsika limodzi pang'ono mpaka pa chitsamba china, n'kutembenuka. A Mamita anaponya ndodo yawo pa udzu, ndipo Mphenzi anaponya nthambi yake. Anayamba kukwera, wina akukoka mwendo wakumanzere, wina akutsimphina wakumanja, mapewa akugundana ngati ng'ombe zosazolowerana pa goli. Mdalayo ankawerenga mokweza. Pa phazi lachisanu ndi chiwiri Mphenzi anadzandira, ndipo amene anamugwira mkono anali a Mamita. Mkazi uja ankafuna kujambula, koma foni inkagwedezeka ndi kuseka, moti zithunzi zonse zinatuluka zopendekeka. Pa khumi, zikhatho ziwiri zinagwa pa mwala nthawi imodzi.

Kenaka anatsegula chikwama. Buledi uja, amene anachoka ku bekale ali wonenepa ngati pilo, anali ataphwatalala ngati chikuto cha buku. A Mamita anamutembenuza uku ndi uku n'kunena kuti aka n'koyamba kuona buledi wositidwa. Mazira anawadya ndi supuni ya shuga, akutola zikamba. Nthochi anangozipaka pa bulediyo. Tiyi yekha ndiye anali monga anachokera kunyumba, wotentha, wotsekemera, ndipo Mphenzi anamwa wake atakhala pansi, miyendo atatambasula, akuyang'ana mithunzi ya mitambo ikuyenda pa minda. Onse atatu anagwirizana kuti sanadyepo chakudya chokoma chotero. Anakhala pamenepo ola lathunthu, ndipo palibe munthu wina amene anabwera.

Potsika anadzera njira ya kamtsinje. A Mamita anali patsogolo, mwana wawo pakati, Mphenzi pambuyo. Pa kasupe paja anaima, ndipo anamwa madzi ndi manja mpaka mano kuwawa. Anaona mbira zitatu zitandandalika pa thanthwe ngati azimayi odikira basi, ndi maluwa ang'onoang'ono achikasu omera m'ming'alu ya miyala. Pa kona iliyonse a Mamita ankaima n'kutembenuka, n'kumuuza mokoma mtima kuti asadzipanikize, iwo sali pa changu, amudikira. Ankanena ndi nkhope yowongoka, koma mapewa a mwana wawo ankagwedezeka.

Anafika kwa mayi woweta njuchi dzuwa litapendeka. Mayiyo anali pakhonde akusefa uchi, ndipo anaona mdala wa ndodo akutulukira poyamba, akuimba chapansipansi, kenaka mwana wake, ndiyeno patapita kanthawi ndithu mwamuna wamphamvu uja, mpango kumwendo, juzi atamanga m'chiuno kubisa thalauza. Anangotulutsa mipando itatu n'kufunsa ngati gulo wa pa thanthwe loyamba akadali moyo. Mphenzi anati ali moyo ndithu, ndipo wapereka moni. Galimoto anayendetsa ndi mkazi wake, mosamala, manja onse awiri pa chiwongolero, ndipo mwamunayo anakhala kumbuyo mwendo uli pa mpando, osatchula n'kamodzi komwe za liwiro.

Tsiku limenelo munthu wa miyendo iwiri yamphamvu anali womaliza pokwera, n'kukhalanso womaliza potsika, pamene wokoka mwendo anafika poyamba konsekonse, ali ndi mpweya wotsala woimbira nyimbo. Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.